Penti wa kunyumba kwa Mayi

Lachiwiri madzulo

Achemwali (Chilomoni): Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya penti kunyumba kwa Mayi tiimalize sabata ino mvula isanatipeze. Ndawaimbira masana, akuti pabalaza ndi kuchipinda kwawo akufuna pepo. Ndafunsa kawiri, yankho ndi lomwelo.

Achimwene (Joni): Pepo? Nyumba tavutika nayo chichokere Freddy mu 2023, lero ioneke ngati saluni?

Mzime (Zomba): Tingokhomapo chikwangwani, timaluka tsitsi pano 😂

Achemwali (Chilomoni): Iwe usayambe. Ogonamo ndi iwo.

Azakhali (Nsanje): Ana inu, nane ndinenepo. Kutchalitchi kwathu pepo ndi wa Lenti ndi Adiventi, ndiponso ndi amene abambo mfumu amavala pa Misa ya maliro. Munthu wamkulu ngati mlamu wangayo azigona m'chipinda cha mtundu umenewo? Anthu adzati tikumufulumizitsa.

Achimwene (Joni): Mwamva? Si ine ndekha. Tipake kirimu ngati nyumba zonse, nkhani ithe.

Alamu (kumudzi): Pepani akuluakulu, ndilowereko chifukwa ndimakhala nawo. Sakunena wakuda uja wa kutchalitchi ayi. Dzulo anandiuza kuti akufuna ngati maluwa a namasupuni. Akuti ali mtsikana, akamawoloka Shire pa bwato kupita kutsidya, ankathyola maluwawo n'kuika m'tsitsi.

Mzime (Zomba): Ndiye tinali kukangana chabe. Pepo ndi wamitundumitundu. Pali wa biringanya, pali wa GV wa pazilonda uja, pali wa jakaranda amene wachita maluwa kuno panopa. Wa namasupuni ndi wotuwirako, wopepuka, wokhala ngati wathiridwa mkaka.

Amalume (Nchalo): Mlongo wangayo sasintha. Anthu onse amadana ndi namasupuni, asodzi amalira naye, ku Nkula amatseka makina a magetsi, iye ndiye wamuonera kukongola.

Azakhali (Nsanje): Wotuwirawo ndilibe nawo mawu kwambiri. Komabe ndiuone kaye.

Lachitatu m'mawa

Achemwali (Chilomoni): Ndadutsa ku Limbe, ndatenga kakhadi ka mitundu. Zithunzi ndi izo. Ine ndakonda wachitatu.

Achimwene (Joni): Wachitatuyo kuno akuoneka buluu.

Alamu (kumudzi): Pafoni yanga akuoneka wofiirira.

Amalume (Nchalo): Ndiye vuto lake limenelo. Mtundu sasankhira pafoni, makamaka umenewu. Pepo ndi wofiira ndi buluu atasakanizidwa, ndiye foni iliyonse imakokera mbali yake. Ngakhale pakhoma lenilenilo amasintha. Dzuwa la m'mawa lina, la madzulo lina. Usiku mukayatsa babu loyera la sola lija amapita ku buluu, mukayatsa lachikasu amachita ngati wadetsedwa. Chinanso, kakhadi ndi kakang'ono. Mtundu womwewo ukadzaza makoma anayi umaoneka wakuda kuposa pamenepo. Mukakonda wachitatu, gulani wachiwiri.

Koma musanathamangire mitundu, pali nkhani ina imene palibe waitchula. Lamulungu ndinali kumeneko. Khoma la kumbuyo, la kuchipinda kwawo, m'munsimu muli zoyera ngati ufa. Ndi mchere umenewo. Nthaka yathu ya kuchigwa kuno mukuidziwa, ngakhale madzi a m'mijigo ina amawawa mchere. Chinyezi chikamakwera m'njerwa chimakwera nawo, chikauma umatsala pamwamba. Mukapaka penti pamenepo, kaya ndi wodula bwanji, pofika Febuluwale adzakhala atatupa n'kumasupuka ngati khungu la njoka.

Achimwene (Joni): Ndiye titani amalume? Tigumulenso?

Amalume (Nchalo): Kugumula ayi. Kupala ndi burashi yawaya, pouma, osathira madzi chifukwa madzi amaubwezera mkati. Pamene pulasitala wafumbutuka tichotse, timate wina. Kunja tiike kakhonde ka simenti kozungulira nyumba kuti madzi a padenga asamaime patsinde pa khoma. Pulasitala watsopano amafuna milungu ngati 4 kuti aume bwino, kenako pulaimala wa pa pulasitala, woyambirira kupaka uja, kenako penti. Amene amalumpha pulaimala amagula penti kawiri.

Achemwali (Chilomoni): Milungu 4 kuchokera pano ndi pakati pa Okutobala. Tikadali bwino.

Mzime (Zomba): Okutobala wa ku Bangula? Wopakayo adzasungunuka yekha asanamalize.

Amalume (Nchalo): Adzayamba 5 koloko m'mawa, ikamakwana 10 wasiya. Masana kutentha kumafika 40, penti amauma pa rola asanagwire khoma, mizere n'kumaoneka. Ndipo kutentha komweko n'chifukwa chake ndikukana pepo wakuda. Nyumba ilibe siling'i, mawindo ndi ang'onoang'ono awiri. Mtundu wakuda umameza kuwala, masana muzikhala ngati madzulo. Udzudzunso umakonda kubisala malo amdima, pakhoma lakuda simuuona n'komwe.

Alamu (kumudzi): Pa za udzudzupo, a zaumoyo amanena kuti akapopera mankhwala m'nyumba tisapake penti kapena kuzira pamwamba pake. Ndiye ngati abwere chaka chino, atipeze titamaliza.

Azakhali (Nsanje): Nanga bwanji osangopaka laimu ngati kale? Bambo anu ankapaka laimu chaka chilichonse Khirisimasi ikayandikira, nyumba inkawala mbee.

Achemwali (Chilomoni): Inkawala azakhali, koma mukumbukire misana yathu tikatsamira khoma. Tinkapita kutchalitchi ngati tagona m'chigayo.

Azakhali (Nsanje): Iwe mwana iwe 😂

Lachitatu usiku

Mzime (Zomba): Ndawerengera. Alamu ayeza balaza, akuti mamita 5 kwa 4, kutalika kwa khoma pafupifupi 2.7. Kuzungulira ndi mamita 18, kuchulukitsa ndi 2.7 zikupereka 48 ndi kanthu. Tikachotsa zitseko ndi mawindo titsala ndi 42 kapena 43. Kupaka kawiri ndi 85. Lita imodzi ikamakwana masikweya mita 8, balaza lokha lidya malita 11. Chipinda chawo ndi chocheperako, malita 7 kapena 8. Ndowa imodzi ya malita 20 ikukwana, koma mothinana.

Amalume (Nchalo): Sukulu ikugwira ntchito. Koma pulasitala wa mnyamata uja ndi wokhakhala, amamwa penti ngati mchenga. Onjezerani ka malita 5. Ndipo onsewo asakanizidwe tsiku limodzi, pamalo amodzi. Mukadzagula wina pambuyo pake sadzafanana, khoma lidzaoneka ngati chitenje cha zigamba. Ukafika kumudzi tidzathira zonse mu chidebe chimodzi n'kuvundula.

Achimwene (Joni): Bwanji osagula penti wamadzi uja wa PVA, woyera, ku Nchalo komweko, n'kugula timabotolo ta mtundu, musakanize nokha? Zitsika mtengo.

Amalume (Nchalo): Zimatheka, ndinachitapo. Koma pa mtundu uwu sindikufuna. Dontho limodzi lofiira likapitirira mwapeza pinki, ndiye mlongo wanga adzandithamangitsa ndi mthiko. Ku Blantyre amasakaniza ndi makina, nambala yake amalemba pachivundikiro.

Achemwali (Chilomoni): Ndigula kuno. Vuto ndi kutsika nayo phiri. Ulendo watha ndowa ya mafuta ophikira inatseguka m'minibasi pa makona aja tisanafike pa Thabwa, ndinatukwanidwa mpaka pa Dyeratu.

Achimwene (Joni): Imeneyo ikadzakhala ya pepo anthu adzatsika onse ali a Lenti.

Azakhali (Nsanje): Za Mulungu sasewera nazo iwe.

Achimwene (Joni): Pepani azakhali.

Amalume (Nchalo): Umange chivundikiro ndi mphira, uike m'thumba la saka, ukhale nayo pamapazi. Ukafika pa Nchalo undiimbire, kuchokera apo ndi ntchito yanga.

Alamu (kumudzi): Ine pempho langa ndi la m'munsi. Ana akabwera kosewera manja onse pakhoma, nkhuku nazo zimalowa. PVA sachedwa kuda.

Amalume (Nchalo): Zoona. M'munsi tiike lamba wa penti wa mafuta, wonyezimira uja, wofika m'chiuno. Ameneyo amapukutika ndi kansanza konyowa. Akhoza kukhala pepo wokhwimirako, Mayi anu asangalale, pamwamba wopepuka. Koma khoma la mchere lija lokha lamba ayi chaka chino. Penti wa mafuta amatsekera chinyezi mkati. Tilione kaye likadutsa dzinja limodzi.

Achemwali (Chilomoni): Tagwirizana chonchi. Ine ndowa ya malita 20. Achimwene pulaimala, ka malita 5 ndi penti wa lamba. Amalume simenti ndi kuyang'anira ntchito. Alamu chakudya cha amisiri, ndalama yake tisonkha. Mzime ulibe ndalama, udzagwira rola.

Mzime (Zomba): Masamu aja sanali chopereka?

Achemwali (Chilomoni): Ayi.

Amalume (Nchalo): Ndowa yaikulu usagule kaye. Bweretsa timabotolo ting'onoting'ono titatu Loweruka, tipake pakhoma la pabalaza limene lili louma kale. Mwini wake aone ndi maso.

Lolemba

Alamu (kumudzi): Tapaka zigamba zitatu Loweruka pafupi ndi windo, chilichonse kukula ngati lichero. Mayi akhala akuziyang'ana masiku awiri, m'mawa, masana ndi usiku ndi tochi. Dzulo anaitana anzawo a kumpingo atatu kudzaona. Panali msonkhano.

Achimwene (Joni): Chigamulo?

Alamu (kumudzi): Ndawapatsa foni mdzukulu wawo alembe zimene akunena.

Alamu (kumudzi): Agogo akuti takhuta, zikomo nonse. Akuti chopepuka chija chimene amalume akufuna ndi cha kuchipatala, sachifuna. Chakuda chija akuti azakhali akunena zoona, ndi cha maliro. Asankha chapakati. Akuti duwa la namasupuni lili ndi kadontho kachikasu pakati, ndiye makatani akhale achikasu. Akutinso amene wanena za saluni amumva.

Mzime (Zomba): Anayamba ndi achimwene!

Achimwene (Joni): Makatani ndigula ine. Alamu munditumizire muyeso wa mawindo.

Amalume (Nchalo): Chapakaticho chidzada pang'ono chikadzaza nyumba, ndanena kale. Koma chabwino. Tumizani nambala ya pa kabotoloko isanafufutike.

Alamu (kumudzi): Ndajambula, ndi iyo.

Achemwali (Chilomoni): Ndaiona. Ndipita Lachinayi ndikaweruka.

Azakhali (Nsanje): Ndaona chithunzi. Si woipa ayi. Akatsalako pang'ono musataye, kachipinda kanga kolandirira alendo n'kakang'ono.

Amalume (Nchalo): Satsala.