Chotupa cha pa dzanja: alipo anayesapo kuthowa ndi botolo la madzi otentha?

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndili ku Joni, ndimagwira ntchito m'shopu yogulitsa nsomba zoweta m'magalasi, zambiri ndi mbuna zakwathu zomwe. Mu Meyi mwala unandicheka chala ndikutsuka thanki. Bala linapola, koma patatha masabata atatu panatuluka kachotupa kofiirira, kolimba, kosapweteka kwenikweni. Kenako tina tiwiri tinandanda kulowera ku chigongono. Kukiliniki anandipatsa mafuta opaka, ulendo wina mapiritsi a masiku asanu, osasintha. Adokotala achitatu ndi amene anafunsa ntchito yanga. Anadula kanyama kukayeza, n'kupeza Mycobacterium marinum, kachibale ka kachilombo ka TB koma kokhala m'madzi ndi m'nsomba. Akuti sindingapatsire munthu, ngakhale mayi akunyumba mbale yanga akutsukabe payokha.

Ndili pa mapiritsi a clarithromycin ndi ethambutol, akuti miyezi itatu kapena inayi, ndipo m'kamwa mukumveka ngati ndikuyamwa msomali. Adokotala anangotchula modutsa kuti kachilomboka kamaswana bwino pa madigiri 30 mpaka 32, n'chifukwa chake kamagwira manja, omwe ndi ozizirirapo, osati mapapo, ndipo ku Japan ena amafunditsa chotupacho ndi timapaketi totenthetsera manja. Ndiye ndikamathowa ndi botolo tsiku lililonse, ndingasiye mapiritsiwa msanga?

NaBanda: Achimwene, ndine namwino. Nkhani ya kutenthayo ndi yoona. Ku Cameroon anayesa pa zilonda za Buruli, zomwe zimadza ndi kachibale kena, Mycobacterium ulcerans. Koma ankamanga mapaketi apadera osunga kutentha, a mankhwala otchedwa sodium acetate, khungu n'kumakhala pa madigiri pafupifupi 40 maola ambiri tsiku lililonse kwa masabata angapo, achipatala akuyang'anira. Botolo limayamba lotentha kwambiri, pakangopita nthawi lazizira. Komanso zotupa zanuzo zayenda kale m'mkono. Mapiritsi musasiye.

Mjomba wa ku Monkey Bay: Ife tagwira usipa moyo wonse, sitinazionepo zimenezi. Nsomba za m'galasizo n'zaulemu koma zoopsa eti?

NaBanda: Ndinaiwala. Ethambutol nthawi zina amawononga maso. Mukayamba kuona mwachimbuuzi kapena kusokoneza chofiira ndi chobiriwira, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwini funso: Zikomo asisi. Lachinayi ndikafunsa adokotala ngati ndingamathowe uku ndikumwa mankhwala, ndi kutentha kwake kukhale kotani. Abwana agula magolovesi ofika m'chigongono dzulo, nsomba zitafa zinayi m'thanki lomwe lija.