Kodi asilikali a panyanja a ku America amaphunzira bwanji ku yunivesite ndi ndalama za boma?

Wofunsa:
Ndikupempha amene mukuidziwa bwino nkhaniyi kuti mundiunikire. Ndimamva kuti boma la United States limalipirira asilikali ake a panyanja maphunziro a ku yunivesite, koma sindikumvetsa ngati munthu amayamba waphunzira kenako n'kuvala yunifomu, kapena amayamba watumikira. Komanso munthu amene amatha miyezi yambiri ali m'sitima angalowe bwanji m'kalasi?

Woyankha woyamba:
Njira zonse ziwiri zilipo. Amene akufuna kudzakhala ofisala angathe kupita ku Naval Academy, sukulu imene inatsegulidwa mu 1845 ku Annapolis, m'chigawo cha Maryland. Kwa zaka zinayi wophunzira salipira fizi, chakudya kapena pogona, ndipo amalandira kangachepe mwezi ndi mwezi, koma akatenga digiri amayenera kutumikira zaka zosachepera zisanu. Malo ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri amalowa dzina lawo litaperekedwa ndi phungu wa nyumba ya malamulo. Palinso ndondomeko ya NROTC, imene inayamba mu 1926, yomwe imalola wachinyamata kuphunzira pa yunivesite wamba uku akuphunzitsidwa zausilikali.

Woyankha wachiwiri:
Zimene anena anzathuwa n'zoona, koma zikukhudza anthu ochepa, chifukwa asilikali ambiri a m'sitima si maofisala. Iwo amadalira lamulo lotchedwa GI Bill, limene Pulezidenti Franklin Roosevelt anasainira mu 1944 poganizira asilikali obwerera kuchokera ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mtundu wake wamakono unayamba kugwira ntchito mu 2009. Amene watumikira miyezi 36 n'kutuluka ndi mbiri yabwino amamulipirira fizi yonse pa yunivesite ya boma ya m'chigawo chake, amamupatsa ndalama za nyumba, ndiponso za mabuku zofika madola 1,000 pachaka, ndipo thandizoli limakwanira miyezi 36 ya sukulu. Chimene chimandikhudza mtima kwambiri n'chakuti msilikali amene wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, akavomera kuwonjezera zina zinayi, angathe kusamutsira mwayiwu kwa mkazi, mwamuna kapena ana ake.

Za kuphunzira muli m'sitima, n'zotheka koma n'zowawa. Boma limalipira makosi amene munthu amachita akadali pantchito, koma ulonda wa usana ndi usiku umamusiya wotopa, ndipo intaneti pakati pa nyanja si yodalirika nthawi zonse. N'chifukwa chake ambiri amangotenga makosi owerengeka, digiri yonse n'kudzaimaliza atatuluka.

Woyankha wachitatu:
Ine ndimaona thandizoli ngati gawo la malipiro, osati mphatso, popeza munthu amakhala atapereka zaka za unyamata wake, kutali ndi banja, nthawi zina pamalo oopsa. Zimandimvetsanso chisoni kuti ena amalowa usilikali chifukwa choti palibe khomo lina lowafikitsa ku yunivesite. Pa chifukwa chimenechi ndalamazi ziyenera kutetezedwa. Makoleji ena ochita bizinesi ankasakasaka asilikali opuma chifukwa ndalama zawo sizinkawerengedwa pa malire a ndalama za boma zimene koleji yotere imaloledwa kulandira, ndipo ena anatsala ndi mapepala opanda ntchito miyezi yawo ya thandizo itatha. Aphungu anatseka mpata umenewu mu 2021, komabe munthu asanalembetse ayenera kufufuza ngati sukuluyo ndi yovomerezeka.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Nanga amene watuluka usilikali ayenera kuthamangira kusukulu kuti mwayiwu usamudutse?

Woyankha wachiwiri:
Poyamba panali malire a zaka 15, koma lamulo la mu 2017 linawachotsa kwa onse amene anatuluka kuyambira pa 1 Januwale 2013. Amene anatuluka tsikuli lisanafike, malire akale aja akuwakhudzabe.