Chaka chobadwa cha amayi sitikuchidziwa bwino, pa chiliza tilembepo chani?

Chitsiriza wa kwa Mponda:
Abale ndithandizeni nzeru. Amayi anatisiya chaka chatha mu Okutobala, mwezi wa korona womwewo umene ankaukonda, ndiye pano tikufuna tiike chiliza ndi kupemphetsa misa koma tasemphana ndi achimwene pa chaka chobadwa. Pa chiphaso chaunzika pali 1940 koma zija anangoyerekeza olembera aja mu 2017, eni akewo ankati pa njala ya 1949 anali atayamba kale kusinja okha komanso kupita kudambo ndi mng'ono wawo kumsana, ndiye mwana wa zaka 9 angatero? Ine ndikuona ngati 1935 kapena 1936. Achimwene akuti tingokopera za pa ID basi.

Mwina muziti ndikulimbikira zazii koma mayi amene uja sanalembedwepo penapake, sanagwirepo ntchito ya malipiro, ana 8 anatilera ndi khasu ndi usipa woyanika pa thandala. Wotchi analibe, kumzikiti akangoyamba kuitana mbandakucha iwo amadzuka nkutenga korona, amati anzathu adzuka kale ife tikugoneranji. Mu 1989 anagulitsa mbuzi kuti akaone Papa John Paul II ku Blantyre, abambo anakwiya sabata yathunthu kkkk. Maso atafooka imangokhala Radio Maria pakhonde tsiku lonse, mabatire akatha tonse tinalibe mtendere. Sindikufuna pamwala pawo pakhale bodza.

Mwana wa Akatekisiti:
Pepani ndi zovutazo achemwali, mzimu wawo uwuse mumtendere. Pitani ku parishi kumene anabatizidwa mukapemphe bambo mfumu akuonereni m'buku la ubatizo, mabuku aja satayidwa. Ngati anabatizidwa ali khanda nkhani yatha, tsiku lobadwa limakhalamo. Koma ngati analowa ukatekumeni ali wamkulu musadabwe, azungu aja nawonso ankangoyang'ana msinkhu nkulemba. Komanso musakathere ku cathedral ya St Augustine kokha, dayosizi ya Mangochi inabwera mu 1973, kale kuno tinali pansi pa Zomba, ndiye dzina lawo likakhala ku mishoni yakale kumene ankayendera nthawi imeneyo. Buku la maukwati nalonso muonetseni.

Nachisale wa ku Monkey Bay:
Ine ndinena mosabisa, musadane pachibale chifukwa cha manambala. Agogo anga tinangolemba dzina, tsiku lomwalira ndi mtanda, mpaka lero palibe wadandaula. Simenti yakwera chonchi mukalemba zolakwika mudzaphwanyanso? Koma za korona ndi mzikitizo mwandikumbutsa kutali ndithu, agogo nawonso anzawo apamtima onse anali amayi achisilamu, pa maliro ndi iwo anachezera kuphika pamene amayi a mphakati ankayimba m'nyumba, nkhuku tinachita kukapempha mnyamata wachisilamu kuti azinge kuti aliyense adye momasuka. Pa chilizapo muwaitane anthu amenewo, musangoitana a mpingo okha.

Bambo a Tadala:
Zaka 9 kusinja nzotheka mayi, ana akale sanali ngati athuwa. Chabwino funsani anzawo amene anavinidwa nawo limodzi ngati alipo wotsala, amayi amakumbukira bwino kuti wamkulu ndani pakati pawo. Misa ija ngati simuli pachangu mukhoza kuidikiritsa pa 2 Novembala, tsiku lopempherera omwalira, ansembe amapita ndithu kukadalitsa manda.

Chitsiriza wa kwa Mponda:
Zikomo nonse. Ndawaimbira azakhali usiku, akuti amayi anabatizidwa ali kale mtsikana wotha msinkhu, kutatsala pang'ono ukwati, cha ku Namwera kumene kunali kwawo, ndiye mwina bukulo nalonso lingoyerekeza monga mwanenera. Komabe ndipita Lachinayi ndikaone ndekha, ngakhale kungoona dzina lawo litalembedwa ndi inki yakalekale. Anzawo ovinidwa nawo watsala mmodzi koma makutu anatseka, ndikayesa kukuwa. A Nachisale anebawo aitanidwa kale osadandaula, ndi amene anatithandiza kuwasambitsa amayi miyezi yomaliza ija. Achimwene avomera kudikira koma akuti thiransipoti ndilipire ndekha poti ndine wamakani.