"Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha": kodi ahedi akutanthauzanji?

Mayi wa mwana wa Sitandade 3

Akuluakulu, ndithandizeni. Sukulu ya mwana wanga yatsekedwa ndipo tsiku lotsegulira silinanenedwe. Ahedi atumiza uthenga kwa makolo tonse kuti aphunzitsi azipereka ntchito yoti ana azichitira kunyumba, ndiye kumapeto atilimbitsa mtima ndi mwambi woti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mwambiwu ndinkaumva ndili wamng'ono koma tanthauzo lake sindinalifunsepo. Tsokonombwe n'chiyani, mbalame kapena kachilombo? Nanga kudumpha kwakeko n'kotani? Pajatu kusukulu kudumpha timakudziwa: kudumpha mutu m'buku, kudumpha kalasi. Kodi ahediwa akutiuza mwaulemu kuti zina za chaka chino zingodumphidwa? Ndikufuna ndidziwe chomwe ndingayembekezere kwa iwo ndisanayambe kuwatopetsa ndi mafoni.

Agogo

Mwananga, si mbalame ayi. Tsokonombwe ndi mtundu wa chiwala, chachikulu ndithu, chonenepa, cha khungu lokhakhala lofanana ndi dothi louma, moti chikakhala phee ukhoza kuchiponda usanachione. Chinachititsa akale kumuika m'mwambi n'chakuti sauluka monga dzombe. Dzombe likafuna kupita kutali limangotambasula mapiko, ulendo. Tsokonombwe amati dumphu, n'kukhala kaye, dumphu, n'kukhalanso. Ukamuyang'ana umati uyu safika kulikonse, koma ukabwererapo madzulo sumupeza pamene unamusiya. Ena amati "anatha dziko n'kulumpha", ndi mwambi womwewo. Kudumphako si kolambalala chinthu n'kuchisiya m'mbuyo, ndiko kuyenda kwake, alibe kwina. Amauza munthu amene alibe njira yachangu kuti ayende ndi yomwe ali nayoyo, asaleke.

Bambo wa ana awiri

Agogo mwalongosola bwino, koma ine mayiwa ndawamvetsa nkhawa yawo. Mwambi wotere ukachoka pakamwa pa munthu wa udindo umathanso kukhala njira yonenera kuti musayembekezere zambiri. Mu 2020 sukulu za m'Malawi zinatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha mliri wa COVID-19, a Sitandade 8 anabwerera mu Seputembala, enawo mu Okutobala. Miyezi yonseyo mphunzitsi wa mwana wanga sindinamumve mawu ngakhale kamodzi. Amene ankadumpha tinali ife makolo, sukulu inangokhala phee. Ndiye funso langa ndi ili: tsokonombwe wa ahediwa ndani, mwana, kholo, kapena sukulu?

Mphunzitsi wopuma

Funso la bambowa ndi limene mayi mupite nalo kwa ahedi, osati la kachilombo. Mwambiwu uli ndi mbali ziwiri ndipo anthu amakonda kutenga imodzi. Yoyamba ndi yotonthoza: kalasi palibe, bolodi palibe, musayembekezere kuti mwana aphunzira monga mmene amaphunzirira mphunzitsi ali patsogolo pake. Izi n'zoona ndipo kholo lizivomereze. Yachiwiri ndi yomanga munthu amene waunena. Tsokonombwe anatha mtunda chifukwa sanasiye. Akanadumpha kamodzi n'kugona mwezi, bwenzi palibe mwambi. Choncho sukulu ikanena mawu amenewa yalonjeza ntchito yochepa koma yobwera nthawi zonse, ndipo mwa ine chimenecho ndicho kholo lili ndi ufulu wochifunsa.

Pa mwana wa Sitandade 3 ine ndingafunse zinthu izi. Ntchito izibwera tsiku liti, ndipo kudzera pati? Ngati ndi Lolemba lililonse, likhale Lolemba lililonse, mwana azolowere. Ikalembedwa, adzaiona ndani? Apa ndi pamene zambiri zimafera. Mwana akalemba masamu masamba atatu wopanda womuchongera, sabata yotsatira salembanso, ndipo ine sindingamudzudzule. Choipa kwambiri n'chakuti ngati akulakwitsa, monga kuchotsa nambala yaing'ono kwa yaikulu posayang'ana kuti ili pamwamba ndi iti, kuti 42 kuchotsa 17 azipeza 35, ndiye kuti masamba atatuwo akukhomerera cholakwikacho m'mutu. Mphunzitsi angachione m'kamphindi. Kholo lotopa madzulo limangoona kuti tsamba ladzaza.

Ndipo musadabwe sukulu ikasiya kaye maphunziro ena n'kugwiritsitsa kuwerenga ndi masamu. Kumeneko si kudumpha koipa ayi. Mwana wa msinkhu uwu akaiwala mayina a mitsinje adzawapeza. Akabwerera m'mbuyo pa kuwerenga, maphunziro ena onse amamutsekekera, chifukwa kuyambira cha m'ma Sitandade 4 zonse zimadzera m'buku.

Mlongo wanu wa ku England

Moni nonse. Ndingoonjezerapo mmene zinalili kuno, mwina zithandiza poyerekeza. Sukulu zitatsekedwanso mu Januwale 2021, boma silinasiye nkhaniyi m'manja mwa ahedi okha. Unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a zaka 5 mpaka 7 azipatsidwa ntchito ya maola osachepera atatu pa tsiku, a zaka 7 mpaka 11 maola anayi. Maolawo sanali oti mwana akhale pa kompyuta nthawi yonseyo, ankawerengera pamodzi nthawi yomvera mphunzitsi ndi nthawi yolemba payekha. Sukulu iliyonse inauzidwanso kuti ilembe poyera zimene makolo angayembekezere, iziona tsiku ndi tsiku ngati ana akutsatira, ndipo izidziwitsa makolo mwana akasowa. Maphunziro ojambulidwa kale ankapezeka kwa Oak National Academy, sukulu ya pa intaneti yomwe inayamba mu Epulo 2020, ndiponso BBC inkaulutsa maphunziro a pulayimale pa TV m'mawa uliwonse wa masiku a sukulu.

Koma musaganize kuti zinali zosalala. Makolo ambiri ankagwira ntchito zawo pa tebulo lomwelo, ndipo maola atatu a mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amatanthauza maola atatu a munthu wamkulu wokhala pambali pake. Chimene ndinachiona chothandiza si maolawo, koma kuti zinalembedwa. Kholo linkadziwa chofunsa.

Bambo wa ana awiri

Achemwali, za kompyutazo n'za kwanuko. UNICEF inanena mu Ogasiti 2020 kuti ana osachepera 463 miliyoni, pafupifupi mmodzi mwa ana atatu alionse a sukulu padziko, analibe njira iliyonse yophunzirira ali kunyumba. Nyumba ya foni imodzi, imene imachoka ndi mwini wake m'mawa, ana atatu aphunzira bwanji?

Wokonda kuwerenga malipoti

Bambo, foni imodziyo musaipeputse. Ku Botswana mu 2020, bungwe la Young 1ove linayesa njira ziwiri pa mabanja pafupifupi 4,500 a ana a pulayimale. Ena ankangolandira uthenga wa pafoni wokhala ndi masamu ochepa sabata iliyonse. Ena ankalandira uthengawo, kenako munthu n'kuwaimbira kwa mphindi 15 kapena 20, kholo n'kuika foni poti onse amve, mwana n'kumawerengera limodzi ndi woimbayo. Panalibe intaneti, mafoni ake anali wamba. Zotsatira zake: amene ankaimbiridwa anapita patsogolo pa masamu, pamene uthenga wokha sunasinthe zambiri. Izi zikugwirizana ndi zimene anena aphunzitsi athu opumawa. Ntchito yongoponyedwa sikwanira, pamafunika munthu woti amve mwana akulakwitsa.

Wayilesi nayo inathandizapo. Ku Sierra Leone, Ebola itatsekesa sukulu kuyambira mu 2014 mpaka Epulo 2015, boma linkaulutsa maphunziro pa wayilesi. Vuto la wayilesi ndi lomwelo, siimva mwana akayankha.

Ndipo asatinamize munthu kuti kumene kuli zipangizo ana sanataye kanthu. Ku Netherlands, dziko limene pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi intaneti, sukulu zinatsekedwa masabata asanu ndi atatu okha mu 2020. Ofufuza atayerekeza mayeso a ana a pulayimale ndi a zaka zam'mbuyo anapeza kuti anawo sanapite patsogolo kwenikweni nthawi yonse imene anali kunyumba, ndipo ana a makolo osapita patali ndi sukulu ndiwo anatsalira kwambiri.

Mphunzitsi wa Sitandade 2

Ndilankhuleko monga munthu amene akuimbidwa mlandu pano. Zonse mwanenazi n'zoona, koma muziwerengeranso mbali yathu. Kalasi ya ana 80, aliyense mphindi 15 pafoni, ndi maola 20 pa sabata, osawerengera manambala osapezeka ndi mayunitsi amene nthawi zambiri amachoka m'thumba mwa mphunzitsi. Nafenso tili ndi ana athu kunyumba amene sukulu yawo yatsekedwa. Ndiye kholo lisayembekezere kuti ndiyankha uthenga wa 10 koloko usiku, kapena kuti ndichonga tsamba lililonse.

Chimene ndingalonjeze, ndipo ndikuona kuti sukulu iliyonse ingathe, ndi ichi: ntchito ya sabata yolembedwa momveka moti kholo losadziwa phunzirolo lithe kuitsatira, tsiku lodziwika lobweretsa makope kapena kutumiza zithunzi zake, ndi kuyamba kufunafuna ana amene sakumveka n'komwe. Awa ndi amene amandidetsa nkhawa kuposa mwana wa mayi amene afunsa pano. Mwana wa kholo lofunsa tanthauzo la mwambi wa ahedi adzabwerera kusukulu. Amene sabwerera ndi uja wayamba maganyu, kapena mtsikana wa makalasi apamwamba amene wapatsidwa mimba. Ku Uganda, kumene sukulu zinatsekedwa pafupifupi zaka ziwiri mpaka pa 10 Januwale 2022, ana ambiri sanabwererenso.

Pempho langa kwa makolo: musamulembere mwana. Timadziwa. Kope likabwera lopanda cholakwa chilichonse, zilembo zoongoka bwino, ine ndimaganiza kuti mwanayo wamvetsa n'kumupatsa zovuta kuposa pamenepo. Ndi bwino libwere ndi zolakwa zake zomwe.

Mayi wa mwana wa Sitandade 3

Zikomo aphunzitsi, pa zomulemberazo mwalasa ambiri. Agogo, ndifunsenso: mwambiwu ukusiyana pati ndi uja woti pang'onopang'ono ndi mtolo?

Agogo

Ndi apachibale koma si amodzi. Wa mtolo ukunena za kusonkhanitsa, kuti zochepa zikaunjikana zimachuluka. Angaunene ngakhale munthu amene sakusowa kanthu. Wa tsokonombwe ukunena za wopanda mapiko, amene anzake amuposa kale pa chiyambi pomwe, ndipo pali malo oti akafike. Ahedi anu akanafuna kungoti ana azichita pang'onopang'ono akanatenga wa mtolo. Posankha uwu avomereza kuti zinthu sizili bwino.

Bambo wa ana awiri

Kapena angotenga umene unabwera msanga m'mutu, agogo. Si ahedi onse amasinkhasinkha chonchi.

Wokonda kuwerenga malipoti

Mayi, nkhawa yanu yoyamba ija, ya kudumpha mitu m'buku, musaitaye. Kungoti nthawi yake si ino, ndi tsiku lotsegulira. Ku Pakistan, chivomezi cha pa 8 Okutobala 2005 chinatsekesa sukulu za m'dera lokhudzidwalo kwa masabata pafupifupi 14. Patatha zaka zinayi, ofufuza anapeza kuti ana a kufupi ndi kumene chinavuta anali atatsalira ndi maphunziro a chaka chimodzi ndi theka kapena kuposerapo poyerekeza ndi anzawo a kutali. Miyezi itatu inabala bwanji chaka ndi theka? Ofufuzawo anaona kuti kutsalirako kunapitirira kukula ana atabwerera kale m'kalasi. Mphunzitsi akatsegula buku pa tsamba limene kalendala ikunena, mwana amene anaiwala za m'mbuyo samva zatsopanozo, ndipo chaka chilichonse mpata umakulirakulira.

Mankhwala ake alipo ndipo si achilendo. Bungwe la Pratham ku India linayambitsa njira yoyesa mwana aliyense mwachidule, kuti kodi amadziwa zilembo, mawu, chiganizo kapena ndime yonse, n'kuwagawa m'magulu potengera pamene afika osati kalasi yawo, kwa ola limodzi kapena kuposerapo pa tsiku. Ku Zambia boma likuchita zomwezo m'pulogalamu yotchedwa Catch Up, ya ana a Giredi 3 mpaka 5.

Mphunzitsi wopuma

Pamenepo ndiye pali nkhondo yeniyeni, chifukwa mphunzitsi amafunsidwa ndi akuluakulu ake ngati wamaliza silabasi, osati ngati ana amva. Sabata yoyamba ya kutsegulira ikangopita ku mutu watsopano popanda kuyesa ana, dziwani kuti akuthamangira mayeso. Mayi, mukamawaimbira ahedi afunseni zitatu zokha: ntchito izibwera tsiku liti, aziiona ndani, ndipo akadzatsegulira adzayamba ndi kuyesa ana kapena adzangopitiriza pamene kalendala yafika. Lachitatuli mwina sakhala ndi yankho lero. Mulifunsebe, ndipo mulikumbutsenso pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, pamene makolo ena akumva.