Chikumbumtima chikakhala chete, ndiye kuti palibe tchimo?

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni. Ndimaphunzitsa achinyamata kumpingo kwathu, ndipo Lamulungu lapitali mnyamata wina anandisowetsa chonena. Akuti anapereka kangachepe kuchipatala kuti mayi ake aonedwe msanga, ndipo mumtima sakumva kutsutsika ngakhale pang'ono.

Pa Aroma 2:15 Paulo akuti chikumbumtima chimachitira umboni, koma pa 1 Akorinto 4:4 akuvomereza kuti kusadziwa mlandu mumtima sikumuyesa wolungama. Nanga chikumbumtima ndi mawu a Mzimu Woyera, kapena chimaumbidwa ndi makulidwe athu? Pamenenso chifundo pa mayi wodwala chikuoneka ngati chikulimbana ndi chilungamo kwa odwala ena amene anali pamzere, chitsogole ndi chiti? Abusa ndi akulu ampingo, ndikamuyankhe bwanji osamuthyola mtima mwanayu?