Amayi anga akufooka, kodi ndi ukalamba basi kapena ndi kadyedwe?

Admin chonde ndibisireni dzina. Abale ndigawireni nzeru. Amayi anga ali ndi zaka 78, amakhala kumudzi ku Ntcheu ndi ana awiri a malemu achemwali anga, ine ndili ku Lilongwe. Sabata yatha nditapita mtima unandiwawa zedi. Munthu amene chaka chatha chomwechi amalima yekha kudimba pano kuti adzuke pamphasa mpaka agwire kaye khoma, chitenje chikuchita kuzungulira kawiri mchiuno, ndipo popatsana moni dzanja lawo linalibe mphamvu ngati la mwana. Mwezi watha akuti anagwa popita kubafa, mwamwayi sanathyoke.

Ndalama ndimatumiza pa Airtel Money mwezi ndi mwezi ndiye sikuti mnyumba mulibe chakudya ayi. Koma masiku atatu amene ndinakhala ndinaona ndekha, mmawa tiyi ndi kambatata, masana mtanda umodzi wansima ndi nkhwani, madzulo amangoti ndakhuta mwanangu. Mano akumbuyo anatha, nyama sangatafune, usipa akuti umawabaya mkamwa. Ndinawawiritsira mazira awiri, nditangolowa mnyumba kukatenga mchere ndinapeza agawira zidzukulu. Achibale akungoti ndi ukalamba asiyeni, koma ine mtima ukukana. Kodi chakudya chingawabwezere mphamvu pamsinkhu umenewu? Ndiwapatse chani poti kutafuna kukuvuta?

— Achemwali ine ndine namwino. Choyamba apite kuchipatala akayezedwe shuga, BP, kuchuluka kwa magazi, komanso TB ngati akutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku, chifukwa kuwonda kotereku nthawi zina kumabisa matenda. Akakwerenso sikelo mulembe kuti muziona kusintha. Zoona munthu akamakula minofu imachepa, koma akamangodya nsima ndi masamba thupi limayamba kudya minofu yake yomwe, miyendo nkufooka, akagwa amaopa kuyenda, akamangokhala njala sayimva, ndiye zimangoipiraipira. Pamagulu 6 a zakudya aja amayiwo akudya awiri okha, zokhutitsa ndi masamba. Zanyama, zanyemba, zamafuta ndi zipatso palibe. Okalamba amafunika zomanga thupi pachakudya chilichonse, osati pa Khirisimasi pokha.

— Usipawo muziwukazinga pang'ono nkusinja ukhale ufa, muzithira mundiwo kapena muphala. Agogo anga analibe dzino ndi limodzi lomwe koma timatero. Phala lamgaiwa losakaniza soya ndi nsinjiro, dzira muswere momwemo lipse bwino, kapena mugule Likuni Phala ija, si ya ana okha ayi. Nyemba zipse mpaka kuphwanyika, chipere, futali, mapeyala, nthochi, mapapaya, zonsezi sizifuna mano. Musawaunjikire mbale yodzadza amatopa nayo asanayambe, pang'onopang'ono kanayi kasanu patsiku.

— Madzinso musaiwale, anthu achikulire ludzu salimva kwenikweni ndipo ena amachita dala kusamwa poopa kutuluka usiku. Thobwa kapena mkaka zimalowa bwino, koma ngati apezeka ndi shuga funsani kaye kuchipatala. China, musawaletse tintchito, azisesa pakhomo, azitongola chimanga, aziyenda kukaona anzawo. Ife tinawaletsa abambo athu chilichonse poganiza kuti tikuwasamala, posakhalitsa kudzuka pampando kunayamba kuvuta, mpaka lero ndimadandaula.

— Mayi, nkhani yamazira ija ndiye yandigwira mtima. Gogo sangameze dzira ana amasiye akumuyang'ana, olo mutakalipa bwanji. Gulani zokwanira onse atatu, phala likhale la nyumba yonse ndipo azidyera limodzi. Ndalamanso mukamawapatsa pamanja zimathera makope ndi sopo wa anawo.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Zandalamazo ndi zoona, ndafunsa mlamu wanga akuti zambiri zimapita kusukulu kwa ana ndi kumaliro. Loweruka ndikupita ndi soya, mtedza ndi usipa ndikasinjire konko, ndikhala mpaka Lolemba kuti ndipite nawo ndekha kuchipatala. Anamwino, poti mtedza ndi mafuta ophikira tiwonjezera, kodi akapezeka ndi BP tichepetse mchere wokha kapena palinso zina zoti ndisawapatse?