Kodi base ndi alkali n'chinthu chimodzi?

Nabanda, Chamama: Aphunzitsi ndi nonse odziwa Chemistry, ndithandizeni. Ndikukonzekera mayeso a MSCE, ndipo ndikuwerenga zolemba za ophunzira a ku Malaysia zimene ndinazipeza pa intaneti, zosakaniza Chingerezi ndi Chimalay. Ndazindikira kuti asid ndi asidi ndipo garam ndi mchere, koma zolembazo zikusiyanitsa bes ndi alkali, kenaka n'kulowetsapo keterlarutan. Kodi kusungunuka m'madzi kukukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Mphunzitsi wa ku Santhe: Mwana wanga, zolembazo sizikunama. Bes ndiye base, ndipo keterlarutan ndi solubility, kutanthauza kuchuluka kwa chinthu chimene chingasungunuke m'madzi oyezedwa pa kutentha kodziwika. Mwachitsanzo, mchere wa m'ndiwo umasungunuka pafupifupi magalamu 36 m'madzi olemera magalamu 100 pa madigiri 20. Base ndi chinthu chilichonse chimene chimathetsa mphamvu ya asidi n'kupanga mchere, koma imatchedwa alkali pokhapokha ikasungunuka m'madzi n'kutulutsa tizigawo ting'onoting'ono totchedwa ma hydroxide ion. Mukathira ufa wakuda wa copper(II) oxide m'madzi, umangokhazikika pansi pa chikho ndipo pepala lofiira la litmus, limene limasanduka labuluu mu alkali, silisintha, koma mukautenthetsa mu sulphuric acid yosukuluka umatha wonse ndipo madziwo amasanduka abuluu. Imeneyo ndi base, koma si alkali. Sodium hydroxide ndiye alkali weniweni, ndipo musayerekeze kuigwira ndi manja chifukwa imawotcha khungu.

Mayi Nazunga, Nkhamenya: Ndiwonjezere chitsanzo cha kukhitchini. Tikamapanga chidulo, timaika phulusa m'chitini chobowola pansi n'kuthiramo madzi kuti azidontha pang'onopang'ono. Zosasungunuka zimatsalira m'chitinimo, pamene potassium carbonate imatsika ndi madzi, ndipo ndi imene imawachititsa kuterera pazala komanso kufewetsa therere ndi chigwada mwamsanga. Mukaviikamo litmus yofiira imasanduka yabuluu.

Mlangizi wa zaulimi, Kasungu boma: Mayi anga mwanena zoona, ndipo kumunda nkhani ndi yomweyi. Feteleza wa ammonium sulphate akagwiritsidwa ntchito zaka zambiri amawonjezera asidi m'nthaka, n'chifukwa chake timalangiza alimi kuthira layimu pambuyo poyezetsa dothi. Layimu wa m'munda ndi calcium carbonate, base yosungunuka movutikira kwambiri, choncho ayenera kusakanizidwa ndi dothi miyezi ingapo mvula isanagwe; womwaza pamwamba tsiku lobzala asayembekezere kusintha chaka chomwecho. Inu Nabanda, muloweze kuti pa mlingo woyezera asidi wotchedwa pH, umene katswiri wa sayansi Sørensen anauyambitsa mu 1909, kutsika ndi nambala imodzi kumatanthauza kuti ma hydrogen ion, amene asidi amatulutsa m'madzi, achuluka kakhumi. Dothi la pH 5 lili ndi asidi wochuluka kakhumi kuposa la pH 6, ndipo likatsika kupitirira pamenepo aluminium amayamba kusungunuka n'kupinimbiritsa mizu ya chimanga.